Mwana wanga akuthyola zala tsiku lonse, kodi sadzadwala nyamakazi?

MakeAnyamata
Abale ndithandizeni nzeru, ine zandikwana. Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 13, ndipo chaka chino wathamanga msinkhu moti mathalauza onse akumulekeza m'akatumba. Vuto ndi ili: kuyambira m'mawa mpaka usiku ndi thyo, thyo, thyo. Zala za m'manja, za kumapazi, akatero apotokole khosi. Akamadzuka pampando mawondo amalira okha popanda kuwakhudza. Apongozi anga akuti akadzakula zala zidzapindika, mfundo zidzakhala zikuluzikulu, ndipo nyamakazi ikumudikira. Ndamukalipira, ndamulandapo foni, palibe chasintha. Kodi sakuwononga mafupa akadali anthete? Kapena m'thupi mwake mukusowa china chake?

Tsokonombwe
Musiyeni mwana, mayi. Ine ndinayamba ndili ndi zaka 9, pano ndili ndi 41, zala zomwezo ndi zimene ndikulembera pano.

Gogo_wa_Asanu
Apongozi anuwo sakunama ayi. Malemu mchimwene wanga ankathyola zala ngati akuthyola nkhuni. Atafika zaka 60 sankatha ngakhale kumanga batani la malaya, tinkachita kumumangira. M'mera mpoyamba, muletseni akadali wamng'ono.

Tsokonombwe
Agogo, ndi ulemu wonse, nanga anthu a zaka 60 amene sanathyolepo chala chikhalire koma mabatani omwewo akuwakanika, amenewo tiziti anatani?

Mfunsazonse
Nkhani ya apongoziyi yandikumbutsa dokotala wina wa ku California, Donald Unger. Ali mwana mayi ake ndi azakhali ake ankamuopseza ndi nyamakazi yomweyi, atakwatira apongozi ake nawo anawonjezerapo. Iye anaganiza zoyesa pa thupi lake. Ankathyola zala za kumanzere zokha, kosachepera kawiri pa tsiku, za kumanja osazikhudza. Anachita zimenezi kwa zaka 50, ndipo mu 1998 analemba m'magazini ya madokotala a nyamakazi kuti dzanja lamanzere walithyola kosachepera maulendo 36,500 koma manja onse awiri alibe nyamakazi ndipo sakusiyana. Mu 2009 anamupatsa mphoto ya Ig Nobel, ija amapereka pa kafukufuku woseketsa koma wopatsa maganizo.

Kalulu_77
Zaka 50 kungofuna kutsutsa apongozi kkkkk. Ameneyu ndiye mwamuna wa makani.

Wokayika
Munthu mmodzi si umboni. Ngati mukukana nkhani ya mchimwene wa agogo chifukwa ndi munthu mmodzi, ya Unger muikanenso chifukwa chomwecho. Ndipo mu 1990 panali kafukufuku wa anthu 300 amene anapeza kuti othyola zala manja awo ankatupa kawirikawiri ndipo sankagwira zinthu mwamphamvu ngati anzawo. Bwanji ameneyu simukumutchula?

Mfunsazonse
Mwanena zoona achimwene, Unger yekha sangathetse mlandu. Koma kafukufuku wa 1990 yemweyo sanapeze nyamakazi yochuluka mwa othyola zala. Mu 2011 ena anaona zithunzi za X-ray za anthu 215 ndipo nyamakazi ya m'manja inali yofanana mwa othyola ndi osathyola. Za kutupa ndi kufooka kwa dzanja zija, gulu lina ku California linaziyesanso mu 2017 pa anthu 40 ndipo silinazipeze. Ndiye pa nyamakazi umboni wonse ukuloza mbali imodzi.

FizoPano
Ntchito yanga ndi yolimbitsa ziwalo za anthu ovulala, ndiye ndiloleni ndifotokoze chimene chimalira, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi mafupa akugundana. Si choncho.

Pamene mafupa awiri akumana, nsonga zake zimakhala zokutidwa ndi chicherewecherewe chosalala, choterera, chokhuthala mamilimita awiri mpaka anayi m'mfundo zikuluzikulu ngati bondo. Mfundo yonse imatsekedwa m'kathumba, ndipo m'kathumbamo muli timadzi tonanda totereretsa. M'timadzi timeneti mwasungunuka mpweya, monga mmene umakhalira m'chakumwa cha m'botolo musanatsegule. Mukakoka chala kapena kuchipinda mwamphamvu, nsonga ziwiri zija zimakanirira kaye, kenako n'kulekana mwadzidzidzi, mpweya n'kutuluka m'timadzi muja n'kupanga kathovu. Phokoso limachokera pamenepo. N'chifukwa chake chala chimene mwangochithyola sichiliranso nthawi yomweyo, chimafuna mphindi ngati 20 kuti mpweya usungunukenso. Mayi, yesani kumuuza mnyamatayo athyole chala chomwecho kawiri motsatizana, muona kuti chikana.

Kulira kwina n'kwa mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa ukamadumpha pa kafupa kotukuka, ngati chingwe cha gitala mukachikoka n'kuchisiya. Kumeneku kumatha kubwerezabwereza popanda kudikira, ndipo kumachuluka pa msinkhu wa mwana wanuyu, makamaka pa chiuno, bondo ndi akakolo. Mnyamata akafika pachimake pa kukula amatha kuwonjezera masentimita 9 kapena 10 pa chaka chimodzi. Mafupa amatsogola, minofu n'kumatsalira, ndiye zonse zimakhala zokungika.

Nthumbidwa
A Fizo, ine ndinawerenga kuti phokosolo ndi la kathovu kakamaphulika, osati kakamapangika. Zoona n'ziti?

FizoPano
Pamenepo akatswiri enieniwo akhala akukokana kwa zaka zoposa 70. Mu 1947 madokotala awiri ku London anati ndi kupangika kwa kathovu. Mu 1971 a ku Leeds anati ayi, ndi kuphulika kwake, ndipo mabuku ambiri anatsata iwowa. Mu 2015 gulu la Greg Kawchuk ku yunivesite ya Alberta ku Canada linalowetsa dzanja la munthu m'makina a MRI ojambula m'kati mwa thupi, chala chitamangidwa ku kachingwe, n'kumakoka mpaka chitalira. Anaona kathovu kakuonekera pa nthawi ya phokoso n'kukhalabe pomwepo phokoso litatha. Mu 2018 ena anawerengera masamu n'kunena kuti kathovu kamaphwa pang'ono chabe, kotsalako n'kumene kamaoneka. Kwa mayi athuwa zonsezi ndi chimodzimodzi: ndi mpweya, si fupa.

MakeAnyamata
Ndamuyesa zimene munanena zija a Fizo. Chala chinakanadi kachiwiri. Anakhala akuchipotokola nkhope ili gwa, ine kuseka.

MaiWaPaofesi
Kaya ndi mpweya kaya ndi chiyani, khalidweli ndi lonyansa basi. Ndimakhala moyandikana ndi mnzanga wina kuntchito, akangomaliza kulemba chinthu pa kompyuta amalukanitsa zala n'kuzitembenuza zonse khumi nthawi imodzi. Ine thupi lonse limachita tsemwe.

Kalulu_77
Inu ndi bwino n'kuntchito. Mkazi wanga amathyola zala za kumapazi tili kugona, pakati pa usiku, kenako amafunsa ngati ndikufuna andithyolere zanga.

Tsokonombwe
Vomerani achimwene, ndi chikondi chimenecho.

Gogo_wa_Asanu
Ana inu mwayamba kale zoseweretsa. Mayi uja anafunsa za mwana wake.

KochiWaAna
Agogo anena zoona, tibwerere. Ine ndimaphunzitsa ana mpira, a zaka 10 mpaka 16, ndipo zala sizinandidetsepo nkhawa. Funso langa kwa make mwana ndi la mawondo aja mwangowatchula modutsa. Akamalira amamva kuwawa? Amatupa? Akachoka kosewera amayenda bwanji? Masitepe amakwera bwinobwino?

MakeAnyamata
Aaa a Kochi, mwandifunsa funso lovuta. Kunena zoona maso anga anali pa zala chifukwa ndi zimene zimandisokosa. Koma mwandikumbutsa, akabwera kumpira amakhala pansi n'kumasisita pansi pa bondo lamanja. Ndamuitana pompano ndamuona. Pali kachotupa kolimba, m'munsi pang'ono mwa kafupa kophimba bondo, pamwamba pa msongolo. Nditakadina wachita kudumpha. Akuti kakhala kakuwawa kuyambira miyezi iwiri yapitayo, ndipo kugwada sangathe. Ndamufunsa kuti bwanji sunanene, akuti ankaopa kuti ndimuletsa mpira. Miyezi iwiri ine ndikulimbana ndi zala!

FizoPano
Musadziimbe mlandu mayi, ana a mpira onse amabisa choncho. Sindingapime mwana pa foni, koma malo mwatchulawo ndi msinkhu wakewo zikufanana kwambiri ndi vuto lotchedwa Osgood-Schlatter. Dzinali ndi la madokotala awiri, Robert Osgood wa ku Boston ndi Carl Schlatter wa ku Zurich, amene analifotokoza aliyense payekha m'chaka chimodzi, 1903.

Apa ndi pamene mwana amasiyana ndi ife akuluakulu. Mwana ali ndi chicherewecherewe cha mitundu iwiri yofunika pa nkhaniyi. China ndi chija chokuta nsonga za mafupa, chimene tonse tili nacho mpaka kufa. China ndi kachigawo kamene kali m'kati mwa fupa pafupi ndi nsonga, madokotala amati growth plate. Fupa limatalikira pamenepo: chicherewecherewe chimachulukana, cha m'mbuyo n'kumauma kukhala fupa. Kwa atsikana malowa amatsekeka kawirikawiri pakati pa zaka 13 ndi 15, kwa anyamata 15 mpaka 17, ndipo akatsekeka msinkhu wathera pomwepo. Asanatsekeke ndi malo ofooka kuposa mitsempha yowazungulira. Kugwa kumene munthu wamkulu kumangomubzungunyula, mwana kumatha kumuthyola pa malo okulirawa.

Pansi pa bondo pali malo otere pamene mtsempha waukulu wochokera ku minofu ya kutsogolo kwa ntchafu umamatirira. Mwana akamathamanga, kudumpha ndi kumenya mpira, mtsemphawo umakoka malo anthetewo tsiku ndi tsiku, ndiye amatupa n'kumawawa. Ana ocheperapo, a zaka 8 mpaka 14, zofanana ndi zimenezi zimawachitikira ku chidendene. Ubwino wake vutoli nthawi zambiri limatha lokha mwana akamaliza kukula, ngakhale kachotupako kamatha kutsala moyo wonse. Pitani naye akamuone, ndipo ku mpira achepetse mpaka atamuona.

KochiWaAna
Chaka chilichonse ndimakhala ndi awiri kapena atatu otere. Sindiwachotsa m'timu. Ndimawachepetsera kudumpha ndi kuthamanga kwambiri, amawongola minofu ya ntchafu tisanayambe ndi tikamaliza, akafika kunyumba amaikapo chozizira kwa mphindi 15. Lamulo langa ndi limodzi: ukayamba kutsimphina, tuluka m'bwalo. Mwana ukamuletseratu mpira ndiye amakasewera kobisala, komwe kulibe womuona.

BamboWaMapasa
Ndakhala ndikungowerenga koma apa ndiyankhulepo. Mayi, mukapita kuchipatala muwapemphe aonenso chiuno, osati bondo lokha. Ndikunena chifukwa cha zimene zinatichitikira.

Mmodzi mwa mapasa anga, wamkazi, ali ndi zaka 11 anayamba kudandaula bondo lamanzere. Ndi mwana wathupi ndithu. Tinapita naye kuchipatala china, anagwiragwira bondo, anajambula bondo, anati palibe kanthu, ndi kuwawa kwa kukula, amwe mankhwala opha ululu. Tinabwereranso kachiwiri, yankho lomwelo. Ine ndinayamba kumuganizira kuti akuthawa masewera a kusukulu, ndinamukalipirapo, mpaka lero zimandipweteka. Amene anazindikira ndi mphasa mnzake. Tsiku lina akuyenda kutsogolo kwathu anati, adadi taonani phazi la uyu likuloza kunja ngati la bakha. Titayang'ana zinalidi choncho, ndipo nsapato ya mwendo umenewo inali itadyeka mbali imodzi. Dokotala wachitatu sanakhudze n'komwe bondo. Anamugoneka chagada n'kupinda mwendo, ntchafu n'kuthawira kunja yokha. Anajambula chiuno, n'kupeza kuti mutu wa fupa la ntchafu watsetsereka pa malo okulira aja a Fizo anena. Sanamulolenso kuponda pansi tsiku limenelo, anamukhazika pa njinga ya odwala, ndipo anamuchita opaleshoni yoika sikuluwu imodzi kuti fupa lisapitirize kutsetsereka. Pano akuyenda bwino, koma miyezi inayi inatayika tikuyang'ana malo olakwika.

FizoPano
Zikomo bambo, ndipo pepani. Vuto limenelo limagwira ana a zaka 10 mpaka 16, makamaka onenepa, ndipo limanamiza anthu chifukwa mitsempha ya ululu ya m'chiuno imafikanso ku bondo. Mwana wa msinkhu uwu akamatsimphina n'kumati bondo, chiuno chiyenera kupimidwa nthawi zonse. Wa mayi athuwa ululu uli pa kachotupa kenikeni kamene akadina, zimene zikulozera ku bondo, koma kupempha kuti aone chiuno sikuwononga kanthu.

NamwinoWaUsiku
Ndiwonjezere za kwathu ku wodi. Kulira kwa mfundo kopanda ululu sitikuwerengera. Chimene chimatithamangitsa ndi mfundo yotupa, yotentha mukaigwira, mwana akukana kuiyendetsa kapena kupondera, thupi lili moto. Imeneyo ikhoza kukhala ndi mafinya m'kati, ndipo mafinya amadya chicherewecherewe m'masiku ochepa chabe. Musadikire kuti kuche. Chinanso, mwana akadwala zilonda za pakhosi, patapita milungu iwiri kapena itatu n'kuyamba kuwawa bondo lero, mawa akakolo, mkuja chigongono, mukanene za pakhosi zija kwa dokotala ngakhale zinapola, chifukwa matenda amenewo amatha kuwononga mtima. Bondo limene limakakamira pakati osatheka kuwongoka, kapena limene limangofooka mwana n'kugwa, nalonso likaonedwe.

ThanziNdiChuma
Mayi, kulira kwa mawondo ndi chizindikiro choti mafuta a m'mfundo atha. Ndili ndi makapisozi a glucosamine ndi collagen, amabwezeretsa chicherewecherewe m'mwezi umodzi. Ana anga onse amamwa. Ndipezeni ku inbox.

Wokayika
Ndinadziwa kuti wamalonda afika, anangochedwa.

Mfunsazonse
Mafuta atha mwa mwana wa zaka 13? Glucosamine anamuyesa ku America pa akuluakulu 1,583 odwala nyamakazi ya m'mawondo, zotsatira zinatuluka mu 2006, ndipo pa gulu lonse sanapose mapiritsi opanda mankhwala pochepetsa ululu. Amenewo ndi akuluakulu amene chicherewecherewe chawo chinadyekadi. Mwana amene chake n'chatsopano mukufuna kubwezeretsa chiyani?

ThanziNdiChuma
Makasitomala anga akuchitira umboni. Inu mumangokhulupirira za m'mabuku.

FizoPano
Collagen mukamumeza, m'mimba amagayidwa ngati chakudya china chilichonse chomanga thupi, sapita ku bondo ali wathunthu. Chicherewecherewe cha m'mfundo chilibe mitsempha ya magazi, chilibenso mitsempha yomvera ululu, ndipo mbali yaikulu ndi madzi. Chimadya kuchokera ku timadzi tija ta m'kathumba. Mukaponda chimafinyika ngati siponji, mukanyamula mwendo chimayamwa. Ndiye chimene chimachidyetsa ndi kuyenda, kuthamanga, kusewera. Mwendo ukakhala mu pulasitala nthawi yaitali chicherewecherewe chimayamba kupyapyala. Kusowa magazi komweko ndi chifukwa chake chikang'ambika sichipola msanga ngati khungu kapena fupa, ndiye kuvulala kwenikweni ndi kumene tiyenera kupewa. Mwana adye mokwanira, apeze calcium, awothere dzuwa chifukwa cha vitamini D, agone tulo tokwanira, asanenepe mopitirira. Botolo la makapisozi silikufunika.

Nthumbidwa
Poti tafika pa za kukula, ndifunse zanga. Mng'ono wanga wa zaka 15 wayamba kunyamula zitsulo ndipo amayi akuti apinimbira. N'zoona?

KochiWaAna
Sapinimbira. Bungwe la madokotala a ana ku America limavomereza kuti ana azichita masewera olimbitsa minofu bola pakhale wowayang'anira. Chimene chimavulaza ndi mpikisano wa anyamata, kunyamula cholemera kwambiri kamodzi kuti anzake amuone, msana utapindika. Ayambe ndi zopepuka, abwereze kangapo, pakhale munthu wamkulu wodziwa.

Kalulu_77
Ine sindinanyamulepo chitsulo chikhalire koma ndinapinimbira ndithu, ndikasumire ndani?

Tsokonombwe
Dziyezeni m'mawa achimwene, munthu amatalikirapo pafupifupi sentimita imodzi akangodzuka. Zicherewecherewe za pakati pa mafupa a msana zimakhala zitayamwa madzi usiku. Madzulo musayerekeze.

Gogo_wa_Asanu
Ine za zala ndakumverani, ngakhale mtima sunavomere kwenikweni. Koma za khosi palibe wayankhapo. Khosi si chala.

NamwinoWaUsiku
Apa ndili mbali yanu agogo. Khosi likalira lokha munthu akutembenuka palibe vuto. Koma kuligwira ndi manja awiri n'kulipotokola mwamphamvu, kapena anyamata kumapotokolana okhaokha, ayi. M'mafupa a khosi mumadutsa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo. Sizichitikachitika, koma kung'ambika kwa mtsempha wotere pambuyo popotokola khosi kunalembedwapo m'mabuku a zachipatala, ndipo mapeto ake amatha kukhala sitiroko. Ngati akumva khosi kuuma, aone mmene amakhalira ndi foni, mutu uli chowerama maola atatu.

Gogo_wa_Asanu
Ehee. Ndiye kuti nkhalamba sinaname zonse.

Wokayika
Funso limodzi latsala. Ngati kuthyola zala kulibe vuto, bwanji ena amati zimawapweteka akathyola?

FizoPano
Amene zimamupweteka asiye, ndipo chalacho chikaonedwe, chifukwa pamenepo pali china. Kukakamiza chala chimene chakana kulira nakonso n'kupusa, alipo anthu anadzivulaza mitsempha potero. Ana ena ali ndi mfundo zofewa mwachibadwa, chala chachikulu chimafika pa mkono, zigongono ndi mawondo zimapindikira kumbuyo. Oterewa mfundo zawo zimalira kwambiri ndipo chimene amafunika ndi kulimbitsa minofu, osati kumaonetsa anzawo matsenga a zala.

MakeAnyamata
Ndabwera kudzakuuzani mmene tayendera. Dokotala anamupima bondo, ndipo nditatchula za chiuno anaseka n'kunena kuti akanachiona ndithu. Anamugoneka n'kuzunguliza miyendo yonse iwiri, chiuno chili bwino. Ndi Osgood-Schlatter yomwe ija a Fizo ananena, mpaka ndinachita kuwerenga pa foni kuti nditchule bwino. Akuti apume mpira milungu ingapo, kenako abwerere pang'onopang'ono, ndipo atipatsa masewera owongola ntchafu oti azichita m'mawa ndi madzulo. Za khosi ndamuletsa ndipo wamva. Bambo wa mapasa, Mulungu akudalitseni, mwana wanu mumupatse moni.

Za zala ndinafunsanso. Dokotalayo anangolukanitsa zake n'kuzithyola zonse pamaso pathu. Mnyamata wanga anaseka mpaka misozi.

Kalulu_77
Nanga apongozi mwawauza?

MakeAnyamata
Ndawauza. Akuti dokotalayonso adikire afike zaka 60.